Mmene mungasankhire malo ogona pokaona nyama zakutchire kuchokera ku Kasungu ndi ku Mchinji

Anthu ambiri a kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji amaona ngati ulendo wokaona nyama zakutchire ndi wa alendo akunja okha, chonsecho paki yachiwiri kukula m'dziko muno, pambuyo pa Nyika, ili m'boma la Kasungu momuno, ndipo paki ya South Luangwa ya ku Zambia, imene anthu amaikwerera ndege kuchokera kutali, ili kuseri kwa malire a Mchinji. Funso limene limabweza ambiri m'mbuyo ndi lakuti munthu akafika kutchireko amagona pati. Funsoli ndi loyenera, pakuti malo ogona ndiwo amagamula zimene mudzaone. Nyama zimayendayenda mbandakucha ndi kachisisira, masana zimabisala m'mithunzi, kotero kuti amene wagona m'kati mwa nkhalango pafupi ndi madzi amaona zambiri ali khale pakhonde kuposa amene wafika dzuwa lili paliwombo n'kuzungulira pa galimoto mpaka mafuta kutha.

Choyamba: sankhani nkhalango ndi mwezi musanafunse mtengo wa chipinda

Yapafupi kwambiri ndi Kasungu National Park, imene inakhala paki mu 1970 ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2,000. Ndi nkhalango ya mitengo ya mombo ndi mtondo, yokhala ndi madambo apo ndi apo, ndipo chifukwa cha kuchuluka kwa mitengoyo nyama sizionekera patali. Malo ogona odziwika ali pa damu la Lifupa, mukalowera pa geti la Lisitu. M'damumo muli mvuu, ndipo m'chilimwe njovu ndi nyama zina zimatsikira pomwepo kudzamwa. Opha nyama mozembera anachepetsa kwambiri njovu za m'pakiyi, mpaka mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kudzaikidwa muno. Ndinene mosabisa kuti ngati mtima wanu uli pa mkango ndi kambuku, Kasungu akhoza kukugwiritsani mwala, chifukwa nyama zimenezi sizioneka kawirikawiri. Koma kwa banja limene likufuna bata, mbalame, mvuu ndi njovu popanda kuyenda mtunda wautali, palibe poyambira pabwino kuposa pa Lifupa.

Kum'mawa kwathu kuli Nkhotakota Wildlife Reserve, imene msewu wa M18 wochokera ku Kasungu umadutsa m'kati mwake. Bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Malo ogona monga Tongole ndi Bua River Lodge ali m'mphepete mwa mtsinje wa Bua. Kumpoto kuli Vwaza Marsh, kumene anthu amagona moyang'anana ndi nyanja yaing'ono ya Kazuni, ndipo kum'mwera kuli Liwonde, kumene Mvuu Camp ili pa gombe la Shire, komanso Majete, kumene kuli Thawale ndi Mkulumadzi. Mukaonetsetsa, pafupifupi malo onsewa anamangidwa pafupi ndi madzi, ndipo sizinachitike mwangozi.

Za mwezi, nyengo yabwino imayambira mu Meyi mpaka mu Okutobala. Mu Juni ndi Julayi misewu imakhala youma, udzudzu umachepa, koma usiku kumazizira moti bulangeti limodzi silikwanira m'tenti. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala utapsa, zithaphwi zitauma, ndipo nyama zimaunjikana pa madzi otsala; apa ndiye poona zambiri, ngakhale kutentha kwake m'zigwa za Luangwa ndi Shire kumafuna munthu wopirira. M'dzinja nkhalango imakongola, mbalame zimachuluka, mitengo ya zipinda imatsika m'malo ambiri, koma misewu ya m'madambo imasanduka matope ndipo malo ena amatsekedwa mpaka mvula itasiya.

Chachiwiri: gamulani ngati mugona m'kati kapena kunja kwa geti

Ambiri amaganiza zogona pa loji ya pa boma n'kulawirira m'mawa, poti ndi zotchipa. Vuto lake ndi lakuti mageti a paki amatsegulidwa kutacha ndipo amatsekedwa dzuwa likamalowa, ndiye mudzakhala mukulowa nyama zikukabisala, n'kutuluka pa nthawi imene zikudzuka. Ngati ndalama zikukwanira usiku umodzi wokha, ugoneni m'kati, ngakhale pa tenti yobwereka. Usiku uwiri ndiye woyenera kwambiri, chifukwa umakupatsani tsiku lathunthu limene simukulongedza katundu kapena kuthamangira geti.

Ku South Luangwa nkhani ndi yosiyana pang'ono. Kumeneko malire a paki ndi mtsinje wa Luangwa, mpanda palibe, ndipo malo ambiri otsikirako mtengo, monga Flatdogs, Croc Valley ndi Wildlife Camp, ali kunja kwa paki m'mphepete mwa mtsinjewo kudera la Mfuwe. Njovu, mvuu ndi nyamalikiti zimadutsa m'malo amenewa mwaufulu, choncho ngakhale muli kunja kwa geti, muli kutchire ndithu.

Chachitatu: dziwani mitundu ya malo ogona ndipo muyese ndi thumba lanu

Otchipa kuposa onse ndi malo omangapo tenti yanuyanu. Mumalipira munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo kawirikawiri mumapeza bafa, chimbudzi ndi posonkhera moto, koma china chilichonse ndi chanu, kuyambira matiresi mpaka mchere. Otsatirapo ndi tinyumba tokhala ndi mabedi, timene mumadziphikira nokha kapena kupereka zakudya zanu kwa wophika wa pamalopo. Kwa banja lachimalawi, kapena gulu la kumpingo kapena la kuntchito, ine ndimaona kuti mtundu uwu ndiwo wanzeru, pakuti mumanyamula ufa, nyemba, usipa ndi nkhuku kuchokera kunyumba, mumadya nsima yanu monga mwa masiku onse, ndipo ndalama yotsalayo mumalipirira wokuperekezani kukaona nyama.

Pamwamba pa amenewa pali matenti akuluakulu okhazikika, omangidwa pa simenti kapena pa matabwa, okhala ndi bedi, neti ndi bafa m'kati momwemo. Kenaka pali maloji apamwamba amene mtengo wake umaphatikiza chipinda, chakudya ndi maulendo okaona nyama m'mawa ndi madzulo. Ku Luangwa kulinso timisasa ta m'katikati mwa paki, tomangidwa ndi udzu ndi bango chaka ndi chaka mvula ikatha, timene alendo amagonamo poyenda maulendo a pansi amene Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, anawatchukitsa m'chigwachi. Timisasa timeneti ndi tokwera mtengo, timatsegulidwa m'chilimwe mokha, ndipo ana aang'ono saloledwa pa maulendo a pansiwo.

Chachinayi: imbani foni ndipo mufunse mosachita manyazi

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa ife Amalawi timachita manyazi kufunsitsa za ndalama, kuopa kuoneka osauka. Zithunzi za pa intaneti zikhoza kukhala za zaka zapitazo, oyendetsa malo amasintha, ndipo mitengo yolembedwa kale siigwiranso ntchito, makamaka kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho lankhulani ndi munthu amene ali pamalopo lero, mumulonjere mwaulemu, kenaka muyambe mafunso anu limodzi ndi limodzi.

Funsani ngati mtengo umene akutchulawo ndi wa munthu mmodzi kapena wa chipinda chonse, chifukwa maloji ambiri akutchire amawerenga mitu ya anthu, ndipo banja limene linaganiza kuti lilipira kamodzi limapezeka likulipira kawiri kapena kanayi. Funsani ngati pali mtengo wa nzika za Malawi, popeza malo ambiri ali nawo koma sautchula mpaka munthu atafunsa. Funsani zimene zili m'kati mwa mtengowo: chakudya kangati pa tsiku, maulendo okaona nyama, ndi galimoto ya yani. Ndalama yolowera pa geti nthawi zambiri imakhala yapadera, imawerengedwa pa munthu pa tsiku, galimoto nayo imalipiridwa payokha, ndipo nzika zimalipira yocheperapo zikaonetsa chitupa cha unzika. Ngati mtengo watchulidwa m'madola, funsani kuti m'makwacha ndi zingati ndipo mtengowo ukhala choncho mpaka liti.

Mukatha za ndalama, funsani za moyo wa pamalopo. Madzi akumwa alipo kapena mubweretse anu? Magetsi ndi a sola kapena a jenereta, ndipo amayaka maola ati? Funso ili ndi lalikulu kwa amene ali ndi mankhwala ofunika kusunga m'filiji. Netiweki ya foni imagwira? Neti zilipo pa bedi lililonse? Malowo ali ndi mpanda, ndipo usiku pamakhala mlonda woperekeza alendo ku zipinda? Ana a zaka zingati amaloledwa? Chomaliza, chimene oyendetsa magalimoto ang'onoang'ono sayenera kuiwala, funsani mmene msewu ulili sabata imeneyo ndipo mutchule mtundu wa galimoto yanu, kuti akuuzeni zoona ngati ingafike.

Pali funso linanso limene ndikupempha kuti muzilifunsa. Anthu a m'midzi yoyandikana ndi paki ya Kasungu aona chimanga chawo chikuthera m'mimba mwa njovu, ndipo mabanja ena anataya abale awo. Munthu wopita kukasangalala ndi njovu zomwezo asaiwale zimenezi. Funsani ngati malowo amalemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira ndiponso ngati amagula ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku kwa iwo. Pakakhala malo awiri ofanana mtengo, sankhani amene ndalama yake imafikako kumudzi.

Chachisanu: sungitsani malo ndipo mukhale ndi umboni

Mukagwirizana, pemphani kuti akulembereni zonse pa WhatsApp kapena pa imelo: masiku, chiwerengero cha anthu, mtundu wa chipinda, mtengo wonse ndi zimene zidzachitike mukalephera kubwera. Musatumize dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba ku nambala imene mwangoiona pa Facebook musanaitsimikizire mwa njira ina, pakuti akathyali amatsegula masamba onamizira maina a maloji enieni. Sungani lisiti kapena uthenga wa malipirowo, ndipo muimbenso kutatsala masiku awiri. Nyamulaninso ndalama zina m'manja, chifukwa kumene netiweki ikuvuta makina a khadi ndi ndalama za pafoni sizikuthandizani.

Kwa owoloka malire kupita ku Luangwa

Kuchokera pa boma la Mchinji mumawolokera pa Mwami, pamene kuyambira mu 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi. Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, koma pasipoti ikhale yosatha masiku, ndipo mwana aliyense akhale ndi chiphaso chake. Mukapita pa galimoto yanu, tengani zikalata zonse za umwini wake, kalata ya mwini wake ngati ndi yobwereka, ndi inshulansi yogwira ntchito m'Zambia, monga ya COMESA. Gulani zakudya ndi mafuta pa Chipata, kenaka mutsike msewu watala wa makilomita pafupifupi 130 mpaka ku Mfuwe. Chiyankhulo sichidzakuvutani, popeza ku Chipata ndi ku Mfuwe anthu amamva Chinyanja.

Polankhula ndi malo ogona a kumeneko, funsani ngati pali mtengo wa anthu a m'mayiko a SADC, ndipo musungitsiretu ulendo umodzi wa usiku, chifukwa South Luangwa imalola magalimoto a maloji kuyenda ndi nyali kutada, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene kambuku amaoneka. Amene thumba lawo ndi lolemera amagona pa Mfuwe Lodge m'kati mwa paki, pamene chakumapeto kwa chilimwe njovu zimadutsa m'chipinda cholandirira alendo popita ku mtengo wa zipatso umene uli kuseri kwake.

Chachisanu ndi chimodzi: longedzani ndipo munyamuke m'mawa

Thirani mafuta odzaza pa boma, chifukwa m'paki mulibe pothirira, ndipo muonetsetse kuti sipeya ndi jeke zili bwino. Tengani tochi ya munthu aliyense, zigubu za madzi, mankhwala othamangitsa udzudzu, juzi, chipewa ndi nsapato zotseka. Zovala zikhale zotuwira, monga khaki, ndipo mupewe zakuda ndi zabuluu woderako, chifukwa ntchentche za kashembe, zimene zimapezeka ku Kasungu, ku Nkhotakota, ku Vwaza ndi ku Luangwa, zimakopeka ndi mitundu imeneyi. N'chifukwa chake misampha yake imene mumaiona itapachikidwa m'tchire imakhala ya nsalu yabuluu ndi yakuda. Konzani ulendo kuti mufike dzuwa likadali m'mwamba, pakuti kumanga tenti mumdima pamalo amene simukuwadziwa ndi kudziputira ngozi.

Chachisanu ndi chiwiri: mukafika, werengani nthaka musanatsitse katundu

Amene akugona m'nyumba angomvera malangizo a eni malo. Amene abwera ndi tenti ali ndi ntchito yoyang'ana pansi ndi m'mwamba. Yendani pang'onopang'ono kuchokera pamene mukufuna kumanga kulowera kumadzi. Mukaona kanjira kopondeka bwino kochokera m'madzi, kokhala ndi timizere tiwiri ndi kamzere ka udzu pakati, ndowe zitamwazikira pa zitsamba za m'mbali, dziwani kuti ndi njira ya mvuu. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu ndipo imabwerera m'njira yomweyo kusanache. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi osapatukira chilichonse. Musamange tenti pa njira yotere, ngakhale pakati pa madzi ndi dambo limene imadyako, ndipo mutalikirane ndi gombe chifukwa cha ng'ona.

Mukatero kwezani maso. Mthunzi wa mvunguti ndi wokoma masana, koma zipatso zake zolendewera ndi zolemera moti chimodzi chikathothoka chimaboola tenti kapena kuswa galasi la galimoto. Mtengo wa nsangu ukamagwetsa nyemba zake m'chilimwe, ndiponso mfula ikamapsa, njovu zimabwera kudzatola usiku, ndipo ndowe zazikulu ndi nthambi zothyoka pansi pa mtengowo zidzakuuzani kuti malowo ali ndi eni ake. Ngati mukukayika, funsani agemu kapena mlonda wa pamalopo. Iwo amadziwa mtengo uliwonse ndi nyama imene imauyendera. Khomo la tenti liyang'ane poyera, kuti potuluka muzitha kuona patali.

Chakudya chonse chigone m'galimoto yotseka mawindo, makamaka malalanje, nthochi ndi mango, zimene njovu imazinunkhiza patali. Masana mdani ndi nyani ndi pusi, amene amadziwa kutsegula chikwama ndi kufwamphula buledi pa tebulo munthu atangotembenuka. Musawapatse kanthu, chifukwa nyani wozolowera kudyetsedwa amasanduka wolusa ndipo mapeto ake amaphedwa. Usiku mdani ndi fisi, amene amanyamula poto wosatsuka ngakhalenso nsapato zosiyidwa pakhomo. Moto usonkhedwe pamalo okhawo amene anakonzedwa, nkhuni musatole m'paki popanda chilolezo, ndipo muuzimitse ndi madzi musanagone, popeza m'chilimwe kamoto kakang'ono kamayatsa nkhalango yonse.

Chachisanu ndi chitatu: usiku

Tsekani zipi ya tenti mpaka pansi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo musagone panja kapena mutu uli pakhomo. Nyama zambiri zimaona tenti yotseka ngati chinthu cholimba n'kuilambalala. Ana apite kuchimbudzi kusanade, ndipo m'tenti mukhale ndowa ya usiku, kuti wina asatuluke yekha pakati pa usiku. Pa loji yopanda mpanda, dikirani mlonda kuti akuperekezeni kuchokera kodyera, ngakhale chipinda chikuonekera pafupi. Mukamva njovu ikuthyola nthambi pambali pa tenti, kapena mvuu ikumweta udzu, khalani chete, musaiunike ndi tochi kumaso, ndipo musajambule ndi kuwala kwa foni, idzadya n'kupitirira. Wailesi ndi zokuzira mawu zisiyeni kunyumba, chifukwa zimathamangitsa nyama zimene mwalipirira kudzaona ndipo zimasowetsa mtendere alendo anzanu.

Gonani msanga kuti mudzuke kusanayere. Pa Lifupa, ola loyamba la kuwala ndi limene mvuu zimabwerera m'damu, nkhwazi zikulira pa mitengo ya m'mbali, ndipo ngati mwapangana dzulo lake ndi wokuperekezani, galimoto iyenera kunyamuka nthawi yomweyo, kadzutsa adzadyedwe pobwera. Musatsike m'galimoto paliponse popanda chilolezo chake, ndipo ulendo wa pansi, kaya wokwera phiri la Black Rock kapena wokaona ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zimene zili m'pakiyi, uchitike ndi msilikali wa paki.

Pochoka ndi pambuyo pake

Tolani zinyalala zonse, mabotolo ndi mapepala apulasitiki omwe, mubwerere nazo ku boma. Musatenge nyanga, fupa, chikopa kapena mbewu iliyonse ya m'paki, chifukwa malamulo a nyama zakutchire amaletsa ndipo chilango chake ndi chokhwima. Wophika, mlonda ndi wokuperekezani apatseni kangachepe m'manja mwawo kapena m'bokosi loikidwira zimenezo. Mukafika kunyumba, dziyang'anireni kwa milungu ingapo. Wina akayamba kutentha thupi, kumva mutu kapena kuphwanya m'thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa malungo, ndipo auze adokotala kuti anagona m'nkhalango, makamaka ngati pamene kashembe anamuluma patupa kapena pachita chilonda, kuti ngati malungo sanapezeke amuyezenso matenda a kaodzera, amene amachizika bwino akapezeka msanga.